Dzina la Khanda la Chidothi

Kalekale, patsinde pa phiri lina panali wosula makasu dzina lake Chidothi. Mkazi wake, Nangondo, anali m'chikuta ndi khanda lopanda dzina, poti mchombo unali usanagwe. Ana awo awiri oyamba anamwalira asanatchulidwe n'komwe.

Tsiku lachinayi masana, khandalo linakana bere, thupi lili moto.

"Bambo, thamangirani azamba a kuseri kwa phiri!" Nangondo anakuwa ali m'nyumba. "Uyunso akutisiya."

Chidothi anali munthu wa mimba yake, wozolowera kukhala pansi n'kumapopa mvukuto. Analiyatsa liwiro, koma pakati pa chitunda miyendo inalemera ngati zipika, m'maso muli bii. Mantha anamugwira. Analumbira mokweza kuti, "Amene andifikitse kwa azamba, mwanayu atenga dzina lake!"

Panjirapo panalibe munthu. Amene anamva lumbirolo ndi atatu okhala m'thupi mwake momwe.

Mapapo anakoka mpweya mowirikiza, phuu phuu, kuposa mvukuto wa mwini wakeyo.

Mtima unagunda kawiri pomwe umagunda kamodzi, kukankha magazi osapumira, mpaka Chidothi ankaumvera m'makutu.

Magazi anasenza mpweya uja, nasiya m'mimba phala lisanagayike, kuthamangira ku minofu ya miyendo. Kutentha anakutengera kukhungu kuti thukuta likuziziritse.

Miyendo inapepuka. Chidothi anafika, azamba anabwera ndi mankhwala, ndipo dzuwa lisanalowe khanda linayamwa.

Mchombo utagwa, abale anasonkhana pabwalo kudzamva dzina. Koma m'chifuwa mwa Chidothi munali mutabuka mkangano.

"Popanda ife, mukanasenza chiyani?" anatero Mapapo.

"Mpweya wanuwo, achimwene, ukanathera m'chifuwa momwemo ndikanapanda kukankha," unayankha Mtima.

"Nonsenu simunasunthe pamalo," anatero Magazi. "Amene anafika kumiyendo ndi ife."

Lumbiro sabweza, ndipo Chidothi ankaopa kuti akalakwitsa, awiri enawo adzanyanyala tsiku lina ali pachitunda china. Nangondo anatuluka ndi khanda m'manja, maso ali pa mwamuna wake.

"Bambo, anthu akudikira. Ana awiri aja anapita opanda dzina. Uyu ndani?"

Nanga inu mwamva nkhaniyi, muuzeni Chidothi: khandali litchedwe dzina la yani?