Lumo ndi Mbira ya Apongozi

Chipinda chometera cha Lumo chidali ndi mpando umodzi wozungulira, kalilole wamkulu wosweka pangodya, ndi benchi lomwe pankakhala anthu ambiri ocheza kuposa ometetsa. Dzina la Lumo adampatsa ndi anthu a mumsewumo chifukwa cha luso lake, ngakhale ena ankati lidachokera pa kuthwa kwa lilime lake. Munthu ankalowamo mutu uli ngati chisa cha mbalame, n'kutuluka akudziyang'ana m'mawindo a magalimoto a eni. Koma padali mutu umodzi womwe unkamusowetsa mtendere Lumo, mutu wa apongozi ake aamuna.

Apongoziwo adapuma pa ntchito yoyendetsa basi, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala kunyumba kwa Lumo komweko. Tsitsi likakula ankavala chipewa, kudutsa pakhomo pa mkamwini wawo, kupereka moni waulemu, n'kuwoloka msewu kukakhala pampando wa Chete, wometa wa kutsidya yemwe ankagwira ntchito osatsegula pakamwa. Zikatero a pabenchi ankatsinana. Telala wa chipinda choyandikana ankakonda kunena, maso ali kudenga, kuti wodziwa bwino manja a munthu ndi amene amadya naye mbale imodzi. Lumo ankangoseka nawo mokakamiza.

Apongozi adali ndi mbira yawo yomwe ankaitchula kuti Bwanamkubwa. Idali ya ubweya wautali wosesa pansi, moti kuti udziwe komwe kuli mutu unkadikira iyambe kudya. Ankaipesa m'mawa uliwonse ndi kuifotokozera nkhani za m'nyuzipepala. Nyengo yotentha itafika, ubweya wa kumbuyo udayamba kupiringizana ndi kukola utuchi wa m'khola. Tsiku lina pa tiyi wa m'mawa, apongozi adati Bwanamkubwa akufunika kumudulako pang'ono kumbuyo kokhako, ndipo akabwerako kuchipatala cha maso akamufunsa Chete ngati angathe. Tiyi adamulowera Lumo kolakwika.

Atangotuluka apongozi, Lumo adatenga katoni n'kulunjika kukhola. Mkazi wake, yemwe ankakonzekera kupita ku ntchito, adamupeza atagwada akuinyengerera mbira. Adamuuza kuti adikire madzulo, popeza kanyamako sikameteka ndi munthu mmodzi: wina amakafunditsa tawulo n'kukagwira pachifuwa akukadyetsa nkhaka, wina n'kumadula ndi sizasi pang'onopang'ono. Lumo adayankha kuti adametapo zidakwa zosinza, ana olira ngati akuphedwa, ngakhale mkwati wonjenjemera, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adachita kumugwirira. Mumtima adali ataona kale mathero ake: apongozi akuisisita mbira yowala, akuvula chipewa, n'kukhala pampando wake anthu onse akuona.

"Inu, kasitomala ameneyo alibe makutu omvera nkhani zanu," adatero mkaziyo akunyamula chikwama. "Bambo akakhumudwa musandiitane."

Kuchipinda chometera Lumo adachita zonse mwa dongosolo lake la masiku onse. Adaika pilo pampando, kukhazikapo mbira, kuimanga kampango m'khosi, n'kutembenuza mpando kuti iyang'ane pakalilole. Mbira itaona inzake m'galasimo idauma gwa ngati mwala. Lumo adauza a pabenchi kuti aone okha mmene kasitomala wozindikira amakhalira akagwa m'manja mwa katswiri. Sizasi adaikankhira pambali ponena kuti ndi ya ophunzira ntchito, n'kuyatsa makina.

Makina atangolira, mwala uja udasanduka mphezi. Mbira idakuwa mokweza kuposa msinkhu wake n'kudumphira kutsogolo, makina ali pamsana. Pamene Lumo ankachotsa dzanja, n'kuti atalambula msewu woongoka kuchokera kumchira mpaka kukhosi. Telala adaimirira n'kudzipereka kuti aigwire. Lumo adakana, nati m'chipinda mwake kasitomala sagwiridwa ngati wakuba.

Tsono wometa aliyense ali ndi lamulo lomwe limamupulumutsa: mbali imodzi ikafupika, fananitsa inayo. Lamuloli limagwira bwino pamutu womwe wakhazikika. Lumo adaipanikiza mbira ndi dzanja lamanzere, lamanja likuthamangitsa makina, koma kanyamako kankaterereka ngati sopo wonyowa. Akafananitsa kumanzere, kumanja kunkaoneka kwatalika. Akabwerera kumanja, mbira inkapotoloka, makina n'kudya pomwe sadatumidwe. Thukuta lidamutsika m'khosi, nkhani zidamuthera mkamwa, ndipo ubweya unkagwa pansi ngati thonje. Telala adafunsanso mofatsa ngati katswiri sakufuna dzanja lachitatu. Lumo adamuyang'ana ndi diso lomwe lidamubwezera pabenchi.

Pomaliza Bwanamkubwa adatsala ndi kansonga ka ubweya pamphumi, chigamba china m'nthiti, ndi mizere yokhotakhota thupi lonse ngati munda wolimidwa ndi woledzera. Apo mpamene adapulumuka m'kampango, kutsetsereka ndi pilo yemwe, n'kukalowa mumulu wa tsitsi lomwe lidasesedwera kuseri kwa chitseko. Lumo adagwada n'kuyamba kufukula tsitsi la anthu ndi manja, akuitana ndi mawu okoma omwe ngakhale mkazi wake adali asadawamvepo. A pabenchi adafika pogwira nthiti.

Kuseka kudaduka mwadzidzidzi. Lumo atatembenuka adaona nsapato zopolishidwa bwino pakhomo, ndipo adazidziwa. Apongozi adali atapeza khola lopanda kanthu, ndipo a nyumba yoyandikana adawauza komwe katoni idalowera. Apongoziwo adangoliza kakhweru komwe ankaitanira mbira m'mawa, mulu wa tsitsi udagwedezeka, ndipo mudatuluka kanthu konga mbatata yosendedwa mothamanga, n'kuthamangira kumapazi awo. Adakatola, kukayang'ana mbali zonse ndi maso omwe adali atangopimidwa kumene, n'kukagoneka m'chipewa.

"Mkamwini," adatero motsitsa mawu, "kodi mnzangayu anakulakwirani chiyani?"

Lumo adayamba kufotokoza kuti ndi sitayilo yopepuka yoyenera nyengo yotentha. Apongozi adagwedeza mutu, nati ayamika kuti chitsanzo achionera pa mnzawo osati pa iwo eni, ndipo adatuluka. Madzulo ake mkazi wa Lumo adasoka kajuzi kuchokera ku sokosi yakale kuti mbira isazizidwe, ndipo nthawi yonse yomwe ankasoka mapewa ake ankagwedezeka, ngakhale adalumbira kuti sakuseka.

M'mawa mwake Lumo adatsegula chipinda chake mochedwa, akuyembekeza kuti msewu waiwala. Posakhalitsa adaona apongozi akudutsa, katoni ili m'manja. Apongoziwo adapereka moni waulemu monga mwa masiku onse n'kuwoloka. Kudzera pawindo la kutsidya, Lumo adaona Chete akusuzumira m'katoni kwa nthawi yaitali. Cheteyo adatenga sizasi, kenaka adaibwezera pathebulo, n'kutuluka kudzaima pakhomo. Anthu ambiri mumsewumo adali asadamvepo mawu a Chete, motero atayankhula ngakhale ogulitsa zipatso adatembenuka.

"A Lumo, tawolokani mudzandigwirire kasitomala wanuyu. Ndekha sindingathe."

Lumo adalakalaka nthaka itang'ambika. Adafuna kunamizira kutanganidwa, koma pampando pake padalibe munthu, ndipo apongozi adali ataima kumbuyo kwa Chete akumuyang'ana. Adavula epuloni n'kuwoloka msewu womwe tsikulo udaoneka wotambalala ngati bwalo la mpira, a pabenchi akumuperekeza ndi maso.

Adamukhazika pampando wa odikira, kumupatsa tawulo ndi kachidutswa ka nkhaka. Mbira itamva fungo la manja ake idalira pang'ono, koma itafunditsidwa n'kutsamira pachifuwa, idayamba kukukuta nkhaka ngati palibe chidachitika. Chete adadula apa, kusalaza apo, sizasi ikulira motsitsa, mpaka Bwanamkubwa adayambanso kuoneka ngati nyama yolengedwa. Ntchito yomwe dzulo idamutayitsa Lumo m'mawa wonse idatha nkhaka isadathe.

Lumo adaimirira kuti apereke mbira kwa mwini wake, akuganiza kuti chilango chathera pomwepo. Koma apongozi adavula chipewa, kuchikoleka pamsomali, n'kukhala pampando wa Chete mwa mtima wonse.

"Khalani pansi, mkamwini, mupitirize kumugwira mpaka ndimalize," adatero akutseka maso. "Kugwirako ndiye mumatha."

Lumo adakhala, mbira ili pachifuwa, akuonerera tsitsi lomwe adalilakalaka kwa zaka likugwera pansi m'chipinda cha wometa mnzake. Akadalola dzanja la mkazi wake kapena la telala, mwina mutu umenewo ukadakhala wake. Paja akuluakulu adanena kale kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.