Gologolo, Pusi ndi Mphuno ya a Njiri

Akuti m'nkhalango ya Chimwala munali Nungu amene anatsegula kampani yopanga mapulogalamu a pa foni, ndipo ankafuna wantchito mmodzi wongoyamba kumene. Anabwera awiri: Pusi wa manja achangu ndi Gologolo wokonda kufunsa. Onse anaphunzira sukulu imodzi, koma mpando mu ofesi unali umodzi basi.

Gologolo ankaufuna mpandowo ndi mtima wonse. Anali atalemba makalata ofunsira ntchito miyezi isanu ndi itatu, ndipo yankho linali lomwelo: tikuimbirani. M'mawa wa tsikulo anagwada pa nthambi n'kupemphera mwachidule kuti Mulungu amupatse nzeru ndi mtima wodekha, kenako anatsika.

Atalowa mu ofesi, Pusi anayala masatifiketi ake patebulo ngati zovala za kaunjika.

"Bwezerani m'chikwama zimenezo, bambo," anatero Mayi Nungu. "Chilimwe chafika. Ndikufuna pulogalamu youza nyama dziwe limene likadali ndi madzi. Ndakupatsani masiku atatu."

"Atatu achuluka, mayi," anatero Pusi. "Ine mawa lomweli ndamaliza."

Gologolo anakweza dzanja. "Pepani mayi, adzaigwiritsa ntchito ndani?"

"Amene amamwa madzi."

"Ali ndi mafoni otani?"

"Miyendo muli nayo. Kawafunseni."

Panja Pusi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achemwali, mwabwera kudzafuna ntchito kapena kudzachita kalembera?"

Pusi anakwera pansonga pa mkuyu pamene netiweki imagwira bwino, natsegula laputopu. Zala zake zinkathamanga ngati matalala pa malata. Anaikamo mapu ozungulira okha, tinsomba tovina, kanyimbo, ndi timabatani makumi awiri. Anaiyesa pa foni yake yatsopano ndi zala zake zomwe, ndipo anaona kuti zonse zili bwino.

Tsiku loyamba Gologolo sanathamangire kupanga pulogalamu. Anapita kudambo, ndipo anakapeza a Njiri, nkhalamba ya kumeneko, atagwada akufukula mizu. Foni yawo inali yosweka galasi, yomangidwa ndi mphira, matope okhaokha.

"Malume, mumadina bwanji imeneyi?"

"Ndi mphuno, mwana wanga. Ziboda zimaterereka."

"Ndiye imakumverani?"

"Imandimvera zake. Dzana ndimafuna kuimbira akazi anga, mphuno inadina apongozi. Ndinalankhula mawu okoma ambiri ndisanazindikire. Mpaka lero sitinaonane."

"Nanga netiweki?"

"Kuno imabwera ngati mkamwini waulesi. Imafika dzuwa litakwera, n'kuchoka kumunda isanalime."

Gologolo analemba zonsezo m'kabuku. Anapanga pulogalamu ya mabatani atatu okha, lililonse lalikulu ngati tsamba la mpoza, ndipo anakonza kuti mayina a maiwe azisungika m'foni momwemo ngakhale netiweki itathawa. Tsiku lachiwiri anabwereranso kudambo kukaiyesa pa foni ya a Njiri. Zambiri zinayenda, koma panatsala vuto limodzi: ukadina kawiri motsatizana, pulogalamu inkadzitseka yokha. Anafufuza mpaka mutu kuwawa, chifukwa chake sanachipeze.

Tsiku lachitatu Mayi Nungu anakhoma ofesi n'kunena kuti mayeso akachitikira kudambo. Pusi anatsinya nkhope poona matope, koma anatsatira. Anayamba ndi pulogalamu ya Pusiyo, ndipo pa foni ya a Njiri panangooneka kamkombero kozungulira, kudikira netiweki. Pusi analanda foniyo, nathamangira mumtengo, nabwera nayo itatseguka.

A Njiri anaika mphuno yawo. Inadina timabatani tisanu nthawi imodzi, kanyimbo kanalira, tinsomba tinayamba kuvina.

"Gule ndiye wabwino," anatero a Njiri. "Koma madzi ali kuti?"

"Vuto si pulogalamu, akulu, vuto ndi mphuno yanuyo," anatero Pusi. "Pa foni yanga imagwira bwinobwino."

Minga ya Mayi Nungu inadzuka pang'ono. "Ndiye aliyense wofuna madzi tizimupatsa foni yanu, zala zanu, ndi mtengo wokwera?"

Inafika nthawi ya Gologolo. Akanakhala chete, mwina a Njiri akanadina kamodzi kokha, vuto lija osaoneka. Koma anaganiza za mbawala imene tsiku lina idzadina kawiri ili ndi ludzu, ili kutali ndi kwawo.

"Mayi, tisanayambe ndili ndi mawu," anatero. "Ukadina kawiri motsatizana imadzitseka. Ndafufuza koma ndalephera. Papepala apa ndalemba zimene ndayesa kale ndi pamene ndikukayikira."

"Mwadzikumbira nokha dzenje, achemwali," Pusi ananong'ona.

A Njiri anadina batani lalikulu, ndipo pagalasi panatuluka mawu akuluakulu akuti kudziwe la pa Mtondo madzi alipo. Sanatsanzike n'komwe. Anaimika mchira wawo ngati mlongoti n'kuyamba ulendo, mpaka Gologolo anachita kuwathamangira kukawapatsa foni yawo.

Pobwerera anapeza Mayi Nungu akuwerenga pepala lija, Pusi ali pambali akupukuta matope kumapazi.

"Munakayikira pamalo oyenera," anatero Mayi Nungu. "Mukanatsika mizere iwiri m'malemba a pulogalamuyo, vutolo mukanalipeza. Mubwere Lolemba, tidzakonzere limodzi."

"Nanga ine, mayi?" anafunsa Pusi. "Yanga ndinamaliza tsiku limodzi."

"Manja anu ndi abwino, bambo, sindikukana. Koma wondibisira vuto kapena wonyoza mphuno ya kasitomala amandiwonongera kampani. Mukakhale kudambo kuno sabata imodzi, muone mmene anzanu amadinira mafoni, kenako mudzandipeze."

Lolemba Gologolo anafika ofesi isanatsegulidwe, kabuku kake kali m'manja, mafunso asanu ndi awiri atalemba kale. Mayi Nungu anawawerenga, napumira m'mwamba, namukokera mpando.

Phunziro: Olemba ntchito safuna wongoyamba kumene wodziwa zonse. Amafuna amene amafunsa asanayambe, amayesa ntchito yake m'manja mwa eni ake oigwiritsa ntchito, ndipo saopa kunena pamene walephera.