Mwana Wolira Azana Ikamveka

Tsiku lina, titangomaliza swala, pemphero lathu la masana, pa mzikiti wa kwathu ku Ntaja, kunabwera Che Ajasi, telala wa pamsika, kudzaonana ndi mphunzitsi wathu, Shehe Twaibu. Ine ndinali pomwepo. Che Ajasi tonse tinkawadziwa kuti saphonya swala, koma ngati m'kamwa mwawo munali mano, palibe anawaonapo. Tsiku limenelo ndinawamvera chisoni.

Atapereka moni wa salamu anati, "Shehe, ndabwera ndi manyazi. Mwana wanga Zulaika, wa zaka zitatu, ali ndi majini. Azana ikangomveka kuitanira anthu kuswala, iye amakuwa, kudzigwetsa pansi n'kumagubuduka. Chodana ndi azana chingakhale chiyani ngati si jini? Chonde mukamupempherere."

"Pepani ndithu, Che Ajasi," anatero Shehe. "Tandiuzani, inu mukakhala kumsika, amaliranso azana ikamveka?"

"Mayi ake akuti salira. Koma iwowo ndi amene akumulekerera. Mwana akayamba matukutuku amamugirigisha, amatupitsa masaya mpaka aseke. Ndinawaletsa zachibwanazo."

"Nanga inu mukakhala pakhomo, azana ikamveka mumatani?"

"Ndimachita zoyenera. Ndimamutsitsa pamwendo, ndimaletsa phokoso. Akaseka ndimangomuyang'ana, amadziwa yekha. Tsiku lina anandikwera pamsana nditagunditsa mphumi pansi poswali. Nditamaliza ndinamukalipira kwambiri, kuti asadzayambirenso."

"Kuliraku kunayamba liti?"

Che Ajasi anayang'ana pamkeka, kenako anayankha motsitsa, "Sabata yomweyo."

Shehe sanali munthu wokonda kupondereza amene wagwa kale. Pamenepo ndinaona kuti bambo ameneyu mwana wake amamukonda zedi, kungoti ankaganiza kuti kuopa Mulungu n'kukwinya nkhope.

Kenako Che Ajasi anafunsa, misozi ikulengeza m'maso, "Ndiye mukuti nditani, Shehe? Ndipeputse swala kuti mwana asangalale?"

"Ayi, m'bale wanga. Swalini monga mwa masiku onse. Kupemphera ndimupempherera, monga ndipempherera ana onse, koma jini ine sindikuliona. Mwana wamng'ono chotero sangathe kudzitonthoza yekha. Mtima ukamuwawa amayang'ana nkhope ya kholo lake, ndipo ikakhala yofewa, nayenso mtima umakhala pansi. Mayi ake akamamuseketsa sakumulekerera, akumuphunzitsa kuti kulira kumatha. Alekeni azitero, ndipo mukawapepese."

"Ine kuseketsa mwana sinditha."

"Mukaphunzira kwa akazi anu, ndi odziwa kuposa inu ndi ine. Azana ikamveka mumunyamule, muiyankhe pobwereza mawu ake iye ali m'manja mwanu, nkhope itamasuka. Akakukwerani pamsana, dikirani atsike yekha, swala yanu siionongeka. Zulaika sanamudziwebe Mulungu, Che Ajasi. Chimene akudziwa pakali pano n'chakuti dzina Lake likatchulidwa, bambo ake amasiya kumukonda. Pitani mukamuonetse kuti si zoona."