Atatu a Waya ndi Dzina la Khanda

Kalekale, waya wagalasi wonyamula mauthenga ndi kuwala utangofika kumene kumidzi, panali bambo wina wachinyamata dzina lake Zakeyu. Mkazi wake Nangozo, yemwe anali woyembekezera, matenda anamuyamba m'mawa, koma mwana anagona mopingasa. Namwino wa pachipatala chaching'ono anafuna kuti dokotala wa kutauni amuone pakanema n'kumuuza chochita. Kanemayo anali zii.

Zakeyu anathamangira anthu atatu okonza waya, Sipiliyano, Ganizani ndi Esinati, thukuta lili kamukamu. "Mukudya mandasi mkazi wanga akufa? Amene abweze mauthengawa ndiye adzatche mwanayu dzina!"

Sipiliyano analondola wayawo pansi, minga ikumung'amba miyendo, mpaka anapeza pamene madzi osefukira anaudula. Kulumikiza kukanatenga masiku awiri.

Ganizani anakumbukira waya wina wodutsa kuseri kwa phiri. Anakwera mtengo wa magetsi njuchi zikumuluma, nalowetsa mauthenga a chipatala m'menemo. Komabe kanema sanayake.

Esinati sanachoke pampando. Ankadziwa kuti waya umodzi umanyamula kuwala kwa mitundu yambiri yosaoneka ndi maso, wogwiritsa ntchito aliyense ali ndi mtundu wake, ndipo mtundu wa chipatala unali kale ndi mwini m'waya watsopanowo. Anausintha pamakina, n'kuimbira akutauni kuti nawonso asinthe. Nkhope ya dokotala inatulukira. Mwana analira masana.

Tsiku lotuluka m'chikuta, onse atatu anafika pakhomo.

"Ndikanapanda kupeza podukapo, bwenzi mukufufuzabe!" anatero Sipiliyano.

"Unapeza maliro, sunadzutse munthu," anayankha Ganizani. "Taona nkhope yangayi mmene yatupira."

"Njuchi zinakuluma, inde achimwene, koma kanema anayaka?" anafunsa Esinati.

"Iwe khala chete! Unangodinadina mabatani uli pamthunzi."

Nangozo anatuluka khanda lili m'manja, maso ali psuu. "Bambo a mwana, ine ndikubuula kuchipatala kuja, inu n'kumagawa dzina ngati fodya? Munafunsa yani? Amalume ake ndiwauza chiyani?"

Zakeyu anamenya chitseko ndi chibakera. Anakwiyira atatuwo, anakwiyira madzi, koma koposa anakwiyira pakamwa pake. Mawu anali atatuluka kale pagulu, ndipo khanda linali lidakali lopanda dzina.

Nanga inu mukuti atche ndani: wopeza podukapo, wotsegula njira ina, wosintha kuwala, kapena Zakeyu abweze mawu ake?