Chala cha Che Sumani pa Mzere Woyamba

Swala ya masana, pemphero lathu la mumzikiti, itatha, Che Sumani, mwini chigayo kwathu kuno, anafika kwa Shehe Bwanali akutsimphina. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinene zoona, bambo ameneyu anali atatitopetsa. Chikhadabo cha chala chawo chachikulu chakuphazi chinkalowa m'mnofu. Akachisema ndi lezala, chinkameranso molowa kwambiri, chala n'kutupa, mafinya n'kuyamba. Pa mzere woyamba, pomwe timagundanitsa mapazi poswali, munthu akangowakhudza ankamuyang'ana ngati waba mbuzi. Anthu anayamba kuwasiyira mpata uku ndi uku.

"Shehe," anatero atapereka salamu, "mayi a kunyumba akundiumiriza kupita kuchipatala. Akuti kumeneko amabaya jakisoni wa dzanzi, n'kuchotsa mbali ya chikhadabo ndi muzu wake kuti chisabwererenso. Koma kodi simunatiphunzitse kuti wopirira ululu ali ndi mphotho?"

"Ndinatero, Che Sumani."

"Ndiye muwauze mayiwo andisiye."

"Chikukuopsani n'chiyani, jakisoni?"

"Ine jakisoni? Ayi ndithu. Koma akandimanga bandeji ndidzaswali pampando, kumbuyo, ngati nkhalamba. Chikhalire sindinachokepo pa mzere woyamba. Anthu adzati chiyani?"

Mtima unandiwira, ndinafuna kuyankha ndine. Shehe anangondikwezera dzanja pang'ono, nayang'ana chalacho, chomwe chinali chitayamba kuda m'mphepete.

"Pepani, chikupweteka ndithu. Ndikufunseni kanthu. M'mawa uja, pa swala ya m'bandakucha, munaima kumbuyo kwanga. Ndinawerenga sura yanji ya m'Korani?"

Che Sumani anakanda ndevu, nayang'ana kwa ine ngati ndiwanong'oneza. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Nanga dzulo?"

"Ndinali kusamala kuti Che Jafali, amene anaima pambali panga, asandiponde," anayankha motsitsa mawu.

"Ululu umene ulibe mankhwala, piririrani, mphotho yake ilipo," anatero Shehe. "Koma uwu mankhwala ake Mulungu anawaika pafupi, minibasi imodzi yokha, ndipo mukachedwa mudzataya chala. Swala ya munthu wa pampando imalandiridwa. Inu malo a kutsogolo mwawasunga bwino, koma amene amaimapo ndi thupi lokha, mtima uli kuchala. Pitani akachichotse chikhadabocho, Che Sumani. Papita nthawi tisanaswali nanu."