Nambala Folo wa a Kasapo

M'nyumba ya a Tarsizio Kasapo ku Blanchardstown, pa chitseko cha firiji pankamatidwa pepala limodzi lokha: mndandanda wa anthu asanu ndi anayi omenya mpira m'timu ya Tolka Herons ya besibo, masewera omenya kampira ndi ndodo. Masewerawa a Kasapo anawadziwira ukulu, atabwera ku Dublin kudzachita maphunziro, mnzawo wina wa ku Venezuela atawakokera ku bwalo. Anawakonda ngati mwana wobadwa paukalamba, ndipo patatha zaka khumi anali kochi wa timuyo.

M'nyengo yozizira, masewera akaima, matimu amasaka osewera atsopano, ndipo mphekesera zimauluka ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa. Chaka chimenecho pakamwa pa aliyense panali Wilmer, katswiri wa ku Dominican Republic amene ankabwera kudzagwira ntchito pa kampani ina ya makompyuta. Ankati kwawo besibo ndiyo inali ntchito yake, ndipo akaumenya mpira, wokautola amayenera kukwera basi.

A Kasapo anasaka nambala yake mpaka anaipeza. Anamulembera uthenga wautali wotamanda timu yawo. Wilmer anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Kwa a Kasapo, nkhani inathera pomwepo.

Pa mndandanda wa besibo, malo achinayi ndi a mwini mphamvu. Atatu oyamba amangoyesetsa kufika pa mabesi, malo oimapo ozungulira bwalo, wachinayi ndiye amamenya mpira wowabweretsa onse kumudzi, pamene anayambira, timu n'kupeza zigoli. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri malowo anali a Greenwell Nkhwazi, bambo wofatsa wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Crumlin. Ankakwera mabasi awiri kuti afike kokonzekera, ndipo kugwe mvula kuwombe mphepo, sankajomba.

Loweruka lina m'mawa a Kasapo anachotsa pepala lija, nalemba lina. Pa malo achinayi anaikapo Wilmer ndi zilembo zikuluzikulu. Dzina la Greenwell linatsetserekera pansi penipeni.

Akazi awo, a Anastazia, anawerenga pepalalo akutulutsa mkaka.

"Bambo a Joy, Wilmer ameneyu wasayina fomu?"

"Asayina akafika."

"Mwayankhulana naye pakamwa?"

"Mayi a Joy, anthu a masiku ano sachulutsa mawu. Chala chija ndi yankho."

"Chala ndimatumiza ngakhale ine kwa anthu amene ndikufuna asiye kundivutitsa," anatero a Anastazia, natseka firiji.

A Kasapo anaseka, najambula pepalalo n'kulitumiza pa gulu la WhatsApp la timu. Nkhani inayenda yokha. Pofika Lamlungu, Amalawi potuluka Misa ankanong'onezana kuti Greenwell akupita ku timu ya ku Dún Laoghaire, ndipo Herons ilandirapo matumba awiri a mipira. A Kasapo anazimva, koma sanatsutse. Mumtima ankati Greenwell ndi wa pakhomo, angapite kuti?

Lachiwiri masana foni inalira.

"Achimwene, ndi Greenwell. Ndaona mwandiika pa nambala naini. Ndamvanso kuti mtengo wanga ndi mipira."

"Anthu amangoyankhula, achimwene. Koma tinene zoona, mkono wa zaka fote sungafanane ndi wa twente-faifi."

Greenwell anaseka pang'ono. "Ndamva, akochi. Zikomo pondiuza."

Mphekesera ija inali itafikanso ku Dún Laoghaire. Kochi wa kumeneko, atamva anthu akunena kuti iye akutenga Greenwell, anaona kuti ndi nzeru yabwino imene iye mwini sanaiganize. Anamuimbira foni, ndipo sabata isanathe Greenwell anali atasayina. A Kasapo zinawakhudza, koma anadzitonthoza kuti njovu ikubwera, palibe chifukwa cholirira gwape.

Wilmer anatera m'mwezi wa Malichi. A Kasapo anamulembera mauthenga atatu, onse anayankhidwa ndi chala chomwe chija. Chimene sankadziwa n'chakuti mlendoyo sankagona tulo ndi nkhawa ya malo okhala, poti kupeza chipinda mu Dublin n'kovuta ngati kukama ng'ombe yamphongo. Greenwell, amene anaivutikirapo nkhani ya nyumba atangofika kumene, anaganiza zimenezo msanga. Anapeza chipinda kwa azakhali a mnzake wa m'timu yatsopanoyo, nabwereka galimoto kukamuchingamira ku bwalo la ndege. Ananyamula jekete yotentha, kiyi wa chipindacho, fomu ya timu yatsopanoyo ndi cholembera. Wilmer anasayina fomuyo pa boneti ya galimoto, mano akugundana ndi kuzizira.

A Kasapo anazimva tsiku lolembetsa osewera litadutsa. Anaima pa firiji nthawi yaitali, cholembera m'manja.

Masewera oyamba a Epulo anagwera timu ya ku Dún Laoghaire yomweyo. Posowa wina, a Kasapo anadzilemba okha pa malo achinayi, navala yunifolomu imene inali itasiya kugwirizana ndi mimba yawo. Womenya akauphonya mpira katatu amachoka. A Kasapo anapita kukamenya maulendo anayi, ndipo maulendo onse anayi ndodo yawo inangopha mphepo. Ulendo womaliza anazungulira nayo mpaka kukhala pansi, chipewa chili uko. Ngakhale osewera awo anabisa nkhope m'magolovesi.

Mbali inayo Wilmer anali wachitatu, Greenwell wachinayi. Wilmer anamenyadi bwino. Koma mpira umene unadutsa mpanda n'kukagwera m'mitengo, anthu atatu n'kubwerera kumudzi, anaumenya ndi mkono wa zaka fote uja.

Masewera atatha, a Kasapo anakhala pa benchi akusisita bondo. Greenwell anabwera ndi makapu awiri a tiyi, nakhala pambali pawo.

"Achimwene, ndinalakwa," anatero a Kasapo. "Ndinakutayani chifukwa cha munthu amene ndinali ndisanamugwire ndi chanza chomwe."

"Zinandipweteka, sindinama. Koma mwandithandiza. Kuno ndimakwera sitima imodzi basi."

"Ndiye kubwerera n'kosatheka?"

"Chaka chino ndasayina. Chaka chamawa mudzabwere nokha kunyumba, mudzandifunse bwinobwino ngati munthu. Ndipo mudzakumbukire mipira ija, anthu akundifunsabe kuti inafika kapena ayi."

A Kasapo anaseka mpaka tiyi anatayikira pa yunifolomu. Wilmer atabwera kudzawapatsa moni, a Kasapo anamugwira chanza ndi manja awiri, namuuza kuti wamenya bwino, ndipo analankhula zochokera pansi pa mtima.

Chaka chimenecho Herons inapambana masewera ochepa, koma a Kasapo sanatayenso wosewera ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankamuimbira foni, kumufunsa za ana ndi za ntchito, ndipo dzina la mlendo silinkalembedwa pa mndandanda siginecha isanaume. Anali ataphunzira ndi bondo lawo zimene akuluakulu ananena kalekale: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.