Pulogalamu Yokana Mwini Wake

Alamu ake a mnyamata wina wodziwa za makompyuta ankasoka madiresi aukwati, iye n'kuwakonzera tsamba la pa intaneti pomwe akwatibwi ankalembapo miyeso yawo asanafike pashopu. Pashopupo ankamutchula kuti Katswiri, mwina mwaulemu, mwina mwachipongwe.

Tsiku lina anapeza kuti telala wa kutsidya kwa msewu wakopera pulogalamu yake yonse, mzere ndi mzere, mpaka tindemanga timene ankadzilembera m'kati mwake. Mtima unamuwawa. Anatenga chida chozimbaitsira mapulogalamu n'kuchiuza kuti chisasiye kanthu. Mayina omveka monga chiuno ndi phewa anasanduka zilembo ndi manambala. Mawu chinawaduladula n'kuwamwaza, pakati n'kuthirapo mizere yabodza yosocheretsa wakuba. Kunja tsamba linkaoneka bwinobwino, koma m'kati munali ngati ulusi umene mphaka wasewera nawo.

Kenako anafufuta kope lomveka lija. "Chimene palibe sichibedwa," anatero.

"Alamu, mwakhoma chitseko n'kumeza kiyi," anayankha alamu akewo, mapini ali kukamwa. Katswiri anangoseka.

Sipanapite nthawi, mkwatibwi wina anabwera kudzayesa diresi lake. Linakanirira m'mapewa, m'chiuno n'kukhala ngati thumba la makala. Chida chija chinali chitasokonezanso mayina a miyeso yopita kushopu, moti nambala ya phewa inkafika ngati ya chiuno. Mkwatibwi anayamba kulira, mayi ake n'kumafunsa njira ya kwa telala wina.

"Diresi ili ndikonza ndekha," anatero alamu aja, osakweza mawu. "Koma ena akulembabe pa chinthu chanucho. Mukalephera kuchikonza lero, ndichitseka, ndibwerere ku tepi yanga yoyezera. Inu mukasewere kwina."

Katswiri anakhala pakompyuta. Munthu wokonda ndagi chiyambire ubwana wake, anapeza ndagi imene anaiphiphiritsa yekha ikumutulutsa thukuta. Akatsatira mzere, unkathera pakhoma. Akakhudza apa, pankagumuka apo. Misampha yonse imene anatchera wakuba inagwira bwino ntchito, kungoti inkakola mwini munda.

Dzuwa likupendeka, anameza manyazi n'kutsegula tsamba la telala wa kutsidya uja. Pulogalamu yake inali pomwepo, yoyera ngati yochapa, chiuno chikutchedwa chiuno. Anaikopera, anaibwezera pamalo pake, n'kuyesa ndi miyeso ya alamu ake omwe. Nambala iliyonse inafika pakhomo pake. Anapumira m'mwamba ngati munthu wotula katundu.

"Ndiye mwabera wakuba?" anafunsa alamu aja, akumasula ulusi wa diresi lija. "Mukamupatse moni bamboyo. Ndi nkhokwe yanu."

"Ndizimbaitsanso, koma pang'ono. Ndipo lomveka ndisunga."

"Ndi miyeso yanga mwaionayo muzimbaitsenso, alamu. Imeneyo ndiye isamveke."

Katswiri anaseka mpaka misozi. Anapempha pulogalamu yoti munthu asaiwerenge, ndipo anapatsidwa yomweyo, yosasankha nkhope. Paja walira mvula, walira matope.